Ola Limodzi la Wokonza Mawotchi

Wokonza mawotchi uja anabadwa Lachinayi, pa 17 Seputembala 1964. Ntchito yake anaiyamba Lolemba, pa 3 Juni 1991, m'kachipinda kopanikizika pakati pa sitolo ya nsalu ndi malo ometera. Kachipindako n'kakang'ono moti munthu akatambasula manja amakhudza makoma onse awiri. Muli tebulo la galasi, mpando umodzi, nyali yopinda khosi, ndi timabotolo momwe amasungamo tizitsulo tosaoneka ndi maso wamba. Pakhoma pali wotchi yaikulu ya matabwa imene bambo ake anamusiyira. Anthu a mumsewumo amangomuitana kuti a Mawotchi, ndipo ambiri anaiwala kalekale kuti ali ndi dzina lina.

Mbiri yake inali imodzi yokha: sanalakwitsepo nthawi. Akanena kuti wotchi yanu idzatha Lachitatu hafu pasiti teni, mumaipeza itatha, ikugunda. Madalaivala ankaima pakhomo pake n'kukonza mawotchi awo poyang'ana ya pakhoma ija. Nthawi ya pafoni sankaiwerengera n'komwe. "Wotchi yopanda mivi, yoti sungaitsegule n'kuona za m'mimba mwake, imeneyo si wotchi. Ndi mphekesera," ankatero.

Loweruka, pa 11 Disembala 1993, anakwatira mlongo wake wa wometa wa khomo loyandikana nalo. Wometayo ndi munthu wamtali, wa mawu aakulu, wamng'ono kwa iye ndi zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo msewu wonse umamutcha Lezala. Chilamu chawo chinali cha mano poyera. Lezala ankati mlamu wake akadzamwalira adzafika kumanda kudakali mphindi zisanu n'kumakalipira okumba. Mawotchi ankayankha kuti Lezala amagwira mitu tsiku lonse koma sanaonepo chimene chimakhala m'kati mwa mutu. Zaka makumi awiri ndi mphambu zinatha choncho, khoma limodzi likuwalekanitsa, ketulo imodzi ikuwagwirizanitsa.

Mkazi wa Mawotchi anali telala. Impso zitayamba kumuvuta, miyendo n'kutupa moti sakanathanso kupalasa makina, Lezala anamuikira masewera pafoni kuti tsiku lizimuthera. Linali Lolemba, pa 8 Febuluwale 2021. Ndi masewera a nkhondo zamakedzana. Aliyense amapatsidwa kamalo pa mapu aakulu n'kumanga linga, kulima, kusula mikondo ndi kuphunzitsa asilikali. Anthu zikwizikwi a mayiko osiyanasiyana amasewera pa mapu amodzimodziwo, ndipo zinthu zimayendabe ngakhale foni itazima. Osewera amakhala m'magulu. Gulu la Lezala ankalitcha Mavu, ndipo linali ndi anthu makumi awiri, ambiri a mumsewu womwewo: wowotcherera zitsulo wa kumapeto kwa msewu, mayi wogulitsa mankhwala, madalaivala angapo, ndi ena otero.

Mayiyo sanamenyepo nkhondo ngakhale imodzi. Anakumba chitsime pakati penipeni pa linga lake, nabzala mitengo ya zipatso khumi ndi iwiri pafupi ndi chipata cha kum'mawa. Akavalo sankawafuna, ati amapondereza maluwa. Ankaonetsa mwamuna wake tianthu tating'ono tikutunga madzi, iye n'kumangoti "eya, eya," maso ali pa nyuzipepala.

Anamwalira Lachiwiri, pa 9 Ogasiti 2022, itatsala pang'ono kukwana hafu pasiti leveni m'mawa. Patatha masabata atatu Mawotchi anatchaja foni ija pofuna kuona zithunzi. Chala chinagunda pamasewera aja mwangozi. Tianthu tija tinali tikutungabe madzi, mitengo itabereka, ndipo mtengo uliwonse ukaukhudza unkaonetsa tsiku limene unabzalidwa. Makina osokera anali atapita kwa msuweni, zovala zitagawidwa. Pa zinthu zonse zimene manja a mkazi wake anaika, ichi chokha ndicho chinkayendabe.

Sanasunthe kanthu m'lingamo. Anangokweza makoma, nadzaza m'mwamba mwake amauta ndi amikondo, osatulutsa msilikali ngakhale mmodzi kunja kwa chipata.

Loweruka, pa 5 Novembala 2022, Lezala anamubweretsera ntchito. Pankhondo zimenezi apakavalo amathamanga, oyenda pansi amachedwa, ndipo makina oponya miyala, omwe osewera amangowatcha malegeni, amakwawa ngati nkhono. Linga la aliyense lili pamtunda wakewake. Kuti gulu lipambane, onse ayenera kufika pa mdani mphindi imodzimodzi. Akafika mmodzimmodzi amatha ngati nyerere zogwera m'mafuta. Ndiponso asilikali akayenda mphindi khumi sabwezeka. Mavu ankagonja kawirikawiri chifukwa palibe amene ankatha masamu amenewa.

Mawotchi anavala kagalasi kake ka padiso, nayang'ana kawotchi ka masewera kamene kali pakona ya foni, nayang'ananso ya pakhoma. Anatenga kalendala yakale, kuseri kwake nalemba pamwamba ndi inki yofiira: "Nthawi ya masewera imatsalira ndi maola awiri." M'munsi mwake anajambula mizere ya mitunda ndi liwiro. Kuyambira tsiku limenelo kawotchi ka pakona kaja sanakayang'anenso, ndipo anzakenso analeka kukayang'ana. Ungavutikirenji ndi timanambala tating'ono pamene mwini mawotchi wakuuza kuti tulutsa akavalo 12:17? Mavu anapambana nkhondo khumi ndi imodzi motsatizana.

Gululo linali ndi lamulo limodzi loopsa. Munthu wogulitsa anzake amachotsedwa, ndipo linga lake limawotchedwa mpaka phulusa. Anali atachitapo kamodzi, Loweruka pa 14 Januwale 2023, kwa dalaivala wina amene ankaulula zinsinsi kwa adani. Nthawi za kuwotchako anawerenga ndi Mawotchi yemwe, ndipo malegeni onse anafika sekondi imodzi. Dalaivalayo anasiya kudutsa mumsewumo. Tsitsi amakameta kwina mpaka lero.

Mkangano unabuka Lachiwiri, pa 21 Malichi 2023, m'malo ometera, nthawi ya nkhomaliro. Adani aakulu a Mavu anali gulu lotchedwa Akhwangwala, eni ake a linga lakuda la pakati pa mapu.

"Atiyenda pamutu mokwanira," anatero Lezala, makina ometera akulira m'manja mwake. "Ndapangana ndi anzathu a kuchisanu aja." Ankanena gulu lina la kudziko lakutali, lomwe ankalemberana nalo movutikira. "Iwo abwera ndi malegeni Lamlungu, agumula khoma wani koloko, nthawi ya masewera. Ife tilowa patangotha mphindi imodzi, khoma lisanamangidwenso. Malegeni athu atsale, angatichedwetse. Koma asilikali onse atuluke."

"Onse?" anafunsa Mawotchi ataima pakhomo, kapu ya tiyi m'manja.

"Onse, alamu. Ndi wophika yemwe."

"Nanga pakhomo patsala ndani?"

"Patsala inu ndi mitengo yanu ya zipatso."

Anthu anaseka. Mawotchi anaika kapu pashelefu ya zipeso. "Linga limenelo salimenya chamaso. Lili ndi timalinga tinayi tolidyetsa. Tiyambe tadula timeneto, kamodzikamodzi. Masabata atatu okha, njala iwagwira okha."

"Masabata atatu!" anakuwa wowotcherera, yemwe anali pampando, theka la mutu litametedwa. "Madala, ife tikusewera nkhondo, inu mukusewera ulimi."

"Koma akunena zomveka," anatero mayi wogulitsa mankhwala. "Anthu a kuchisanuwo alipo anawaonapo nkhope? Bwanji akapanda kubwera?"

"Abwera," anatero Lezala. "Amene akuopa akasoke madiresi."

Anakweza manja, ena anayankha pafoni. Khumi ndi asanu ndi mmodzi anali ndi Lezala, atatu anakana.

"Nthawi ndiwerenga, poti ndi ntchito yanga," anatero Mawotchi. "Koma asilikali a mlongo wanu satuluka pachipata."

Lezala anazimitsa makina. "Musamutchule mlongo wanga pofuna kubisa mantha anu."

Mawotchi anatenga kapu yake. Ali pakhomo anatembenuka. "Mukadzabwerako mulibe ngakhale kavalo mmodzi, mudzandikumbuka."

Mawu amenewo anthu anawasunga.

Anawerengabe mosamala monga mwa masiku onse. Wani koloko ya masewera, kuonjezera maola awiri, ndiye kuti fili koloko. Aliyense analandira kapepala kake ka mphindi yotulutsira asilikali. Lamlungu, pa 26 Malichi, oyenda pansi ananyamuka m'mawa, apakavalo masana. Pofika cham'ma thu koloko anthu khumi ndi mmodzi anali atadzaza m'malo ometera, ena pabenchi, ena pansi, mafoni m'manja. Pa mapu mizere khumi ndi isanu ndi itatu inkakwawa kulinga ku linga lakuda. Mawotchi anakhala pakona, wotchi ya m'thumba ili pabondo.

Itangokwana thu koloko, mayi wogulitsa mankhwala anati, "Kodi utsi uwu ndi wa chiyani?"

Khoma la Akhwangwala linali likugumuka. A kuchisanu anali atafika.

"Afulumira," anatero Mawotchi. "Afulumira ndi ola lathunthu."

Onse anayang'anitsitsa mafoni awo. Anaona khoma likugwa, mpata uli yasa, popanda wolowapo. Anaona Akhwangwala akutuluka n'kuphwanya malegeni a alendowo limodzilimodzi. Mauthenga a kuchisanu anayamba kugwa ngati matalala, m'chinenero chawo, odzaza ndi zizindikiro za mkwiyo, kenaka anati duu. Patatha mphindi makumi awiri khoma linaimanso. Kuchokera ku timalinga tinayi tija kunatuluka mizere yofiira, amikondo akuthamangira kukadzaza linga lakuda.

"Abwezeni! Abwezeni!" anakuwa dalaivala wina, akubaya foni ndi chala.

"Sabwezeka," anatero Lezala chapansipansi.

Anakhala choncho mpaka ola linakwana, akuonerera asilikali amene anawaphunzitsa kwa zaka ziwiri akuyenda mwadongosolo kupita kokafera. Panalibe woseka, panalibe wotukwana. Kuseri kwa khoma wotchi ya matabwa ija inkamveka ikugunda. Mphindi imodzi itapitirira fili koloko onse anafika pamodzi, sekondi imodzi, monga Mawotchi anawerengera. Pasanathe mphindi zitatu panalibe wotsala.

Wowotcherera ndiye anayamba kudzutsa mutu. "Alipo mmodzi muno amene sanataye kanthu."

Maso onse anapita pakona.

"Masamu anga alibe cholakwa," anatero Mawotchi. "Alendo anuwo ndiwo afulumira."

"Kapena inu ndinu mwatichedwetsa," anatero wowotcherera. "Munanena nokha. Ngakhale kavalo mmodzi. Munadziwa bwanji?"

Lezala ankapukuta lumo limene linali loyera kale.

Lolemba ketulo sinabwere. Madalaivala anadutsa osaima kuyang'ana wotchi ya pakhoma. Mawotchi anawerenganso masamu ake katatu kuseri kwa kalendala, ndipo katatu konse anapeza fili koloko. Lachiwiri, pa 28 Malichi, foni inalira kamodzi: anali atachotsedwa m'gulu. Masana mayi wogulitsa mankhwala analowa ngati wofuna batire la wotchi, natseka chitseko ndi chidendene.

"Agamula," ananong'ona. "Awotcha linga lanu Lachisanu folo koloko. Malegeni onse anatsala aja. Ine ndakana, koma ndine mmodzi."

"Alamu anga anena chiyani?"

"Ndiwo atchula tsiku."

Mawotchi anayang'ana tebulo lake. Malegeni amaponya ali patali pomwe mivi sifika. Chowagonjetsa ndi apakavalo okha, otuluka n'kuwathamangira. M'linga la malemu munalibe kavalo ngakhale mmodzi, ndipo kumanga khola la akavalo kumatenga masiku asanu ndi limodzi.

Lachitatu azondi anayamba kuzungulira. Ankaoneka pa mapu ngati timadontho tofiira, kubwera mpaka pachipata cha kum'mawa, kuima pang'ono, n'kubwerera. Mawotchi ankadziwa mwini wa kadontho kalikonse poona komwe kachokera. Ena anali anthu amene ananyamula bokosi la mkazi wake. Tsiku limenelo anagwetsa kasipuling'i ka m'wotchi pansi, chinthu chimene anali asanachitepo chiyambire, ndipo anakafunafuna chogwada osakapeza.

Lachinayi, pa 30 Malichi, mwana wake wamkazi, yemwe ndi mphunzitsi wa kusekondale, anadzera kuntchito kwa bambo ake poweruka.

"Ababa, amalume andidutsa ngati sakundidziwa. Mwalakwirana chiyani?"

Anamufotokozera zonse, namuonetsa kalendala ija. Mwanayo anawerenga mawu ofiira aja, natenga foni, nayang'ana pakona, nayang'ana pakhoma.

"Maola awiri? Apa ndikuona limodzi."

"Usandiphunzitse ntchito, mayi."

"Taonani nokha."

Anavala kagalasi ka padiso. Wotchi ya pakhoma inkati 5:10. Kawotchi ka pakona kankati 4:10. Anavula kagalasi, nakapukuta, nakavalanso. Sikanasinthe.

"Nkhondoyo inali liti?" anafunsa mwanayo.

"Lamlungu lapitali."

"Lamlungu lomaliza la Malichi." Anagwira pakamwa. "Ababa, kumayiko ozizirawo amasuntha nthawi. Kukayamba kufunda amakankhira mawotchi onse kutsogolo ndi ola limodzi, kukayamba kuzizira amawabweza. Masewerawa anapangidwa komweko."

"Munthu angasunthe nthawi?"

"Dziko lonse limasuntha, tsiku limodzi."

"Nanga ola limenelo limapita kuti?"

"Silipita kulikonse. Limangodumphidwa."

Mawotchi anakhala pansi pang'onopang'ono. Zaka makumi atatu ndi chimodzi akutsegula mawotchi, ndipo sanamvepo kuti kuli anthu ochita zoterozo. Ntchito yowerenga anaiyamba mu Novembala, mawotchiwo atabwezedwa kale. Alendo aja sanafulumire. Anafika pa nthawi yake.

"Tiyeni kwa amalume pompano," anatero mwanayo. "Ndi khomo ili."

"Ndikanene kuti chiyani? Kuti ine ndinalakwitsa nthawi?"

"Eya. Si ndi zoona?"

"Pita kunyumba, mayi. Ndiganize kaye."

Mwanayo anamuyang'ana nthawi yaitali. "Kapena mukufuna aziganiza kuti ndinu wogulitsa anzanu, kusiyana n'kuti adziwe kuti munaphonya?" Atatero anatuluka.

Lachisanu, pa 31 Malichi, anatsegula pa nthawi yake. Eyiti koloko mzere woyamba wofiira unatuluka m'linga la Lezala. Pofika naini inali isanu ndi umodzi, yonse yolunjika pa linga la malemu. Popeza panalibe wowawerengera, aliyense anangotulutsa mongoyerekeza. Mawotchi anatenga pensulo, mwa chizolowezi, nawerenga. Asanu adzafika pakati pa folo koloko ndi mphindi khumi pambuyo pake. Wowotcherera anafulumira: ake adzafika 3:41, pachipata cha kum'mawa.

M'mawa wonse anakonza wotchi imodzi, kuitsegula ndi kuitseka. Kuseri kwa khoma makina ometera ankalira, kusiya, kuliranso. M'lingamo tianthu tinkatunga madzi osadziwa kanthu. Anakhudza mtengo woyamba: 8 Febuluwale 2021. Anakhudza womaliza: 2 Ogasiti 2022, kutatsala sabata imodzi. Tsiku limenelo mkazi wake sankatha ngakhale kugwira supuni.

Itakwana 12:45 anatseka chitseko chake, nayenda mapazi anayi, naima pakhomo la malo ometera. Anaima pomwepo mphindi khumi ndi zisanu, kalendala itapindidwa m'khwapa, akuyang'ana magalimoto. Wani koloko itagunda kuseri kwa khoma, analowa.

Munalibe kasitomala. Lezala ankanola lumo palamba. Sanapereke moni. Mawotchi anakhala pampando wometera, poti panalibe penanso poyang'anizana naye.

"Ndevu," anatero.

Lezala anamukulunga thaulo m'khosi, nalimanga mothina kuposa masiku onse. Anapaka thovu. Anamupendeketsa mutu chagada ndi chala chimodzi, naika lumo pansi pa chibwano. Linali lozizira.

"Mwabwera kudzapempha?" anafunsa. "Dalaivala uja anapemphanso. Munamuwerengera nthawi ndinu."

"Sindinabwere kudzapempha."

Lumo linakwera pang'onopang'ono, n'kutsika. "Mlongo wanga ankati ndinu munthu wouma mutu koma wosanama. Ndakhala ndikuganiza sabata yonse kuti ndi uti mwa awirife amene ananamizidwa, iye kapena ine."

"Ndinalakwitsa nthawi."

Lumo linaima pakhosi pomwepo.

"Mwati chiyani?"

"Ndinalakwitsa. Tengani kalendalayo. Werengani zofiirazo, muyang'ane pakona ya foni yanu, muyang'ane wotchi yanu ya pamkono. Ndinaikonza ndine, ili bwino."

Lezala anaika lumo pambali. Anawerenga, nayang'ana, nayang'ananso, milomo ikuyenda. Mawotchi anamuuza za mayiko osuntha nthawi, maso ali kudenga, thovu likuuma m'masaya.

"Mwadziwa liti?"

"Dzulo. Teni pasiti faifi."

"Dzulo!" Lezala anamenya kalendala pashelefu, zipeso n'kumwazika. "Dzulo, inu n'kugona nazo? Malegeni anyamuka lero m'mawa, alamu! Sabwezeka! Mukanandiuza dzulo bwenzi..." Anagwira mutu. "Mwalolera kuti ndiwotche chitsime cha mlongo wanga kusiyana n'kutsegula pakamwa?"



Lezala anatola foni, nadina, naibweretsa pakamwa pa mlamu wake. "Nenani. Gulu lonse limve. Mawu anu, osati anga."

Ananena. Anatchula tsiku, ola, ndi cholakwa chake, osachepetsa kanthu. Anati kawotchi kanali pomwepo miyezi isanu, iye osafuna kukayang'ana. Mayankho anayamba kufika nthawi yomweyo. Ena ankatukwana, ena ankaseka, ndipo dalaivala wina analemba kuti kuyambira lero dzina lawo ndi a Ola Limodzi. Wowotcherera analemba mawu atatu okha: "Zanga zili m'njira."

"Ndili ndi apakavalo mazana awiri," anatero Lezala. "Ndawaphunzitsa chiyambire Lamlungu, ndi okhawo amene ndili nawo. Ndikawatumiza kwanu akatchinga. Akaphwanya malegeni anga omwe, ndi a anzangawo. Afika nthawi yanji?"

Mawotchi anatulutsa pensulo. Asanalembe kanthu anavala kagalasi, nayang'ana pakona ya foni.

"Ulendo wa maola awiri ndi mphindi makumi atatu. Tsopano ndi 1:22. Mukatulutsa pompano afika 3:52."

"Ndatulutsa. Zikwana?"

"Kwa asanuwo zikwana. Wowotcherera afika 3:41."

Lezala anawerenga ndi zala. "Mphindi khumi ndi imodzi."

"Eya."

"Munaima pakhomo apo nthawi yaitali bwanji? Ndimakuonani pagalasi."

"Khumi ndi zisanu."

Lezala anatola lumo namaliza kumeta, poti munthu sangatuluke ndi theka la ndevu. Kenaka anatembenuza chikwangwani cha pachitseko, nakhala pabenchi. Mawotchi anakhala pambali pake, foni ya malemu ili pakati pawo.

Pa 3:41 mwala woyamba unagwa. Khoma la kum'mawa linapirira mphindi zinayi. Kenaka inayamba kugwa miyala ya moto. Mtengo woyamba kuyaka unali wa pafupi ndi chipata. Moto unalumphira wachiwiri, wachitatu. Tianthu tija tinathawa uku ndi uku, mitsuko ili pamutu. Mawotchi ankayang'ana wotchi ya m'thumba, Lezala ankayang'ana mzere wa akavalo ake ndi kuwanong'oneza kuti "tiyeni, tiyeni," ngati angamve. Pa 3:50 mtengo wa khumi ndi chiwiri unagwa. Miyala inayamba kugwera m'kati, mwala uliwonse kufupi ndi chitsime kuposa unzake.

Pa 3:52 apakavalo anatulukira. Anaphwanya malegeni a wowotcherera, nazungulira kumadzulo kukadikira enawo. Folo koloko malegeni a Lezala anafika, ndipo akavalo a Lezala yemweyo anawagwera. Pofika mphindi khumi pambuyo pake pa mapu panalibenso mzere wofiira. Mwa apakavalo mazana awiri anatsala makumi atatu ndi mmodzi.

Utsi utachoka, chitsime chinali chilipo. Kanthu kamodzi kanatuluka m'kanyumba, kanaima pang'ono, n'kuyamba kutunga. Pomwe panali mitengo panali zigamba khumi ndi ziwiri zakuda. Mawotchi anakhudza chimodzi. Sichinaonetse tsiku lililonse.

"Mutha kubzala ina," anatero Lezala. "Simatenga nthawi."

"Idzalembedwa tsiku la lero."

Lezala anaimirira, nakathira madzi m'ketulo.

Gulu linamulandiranso Mawotchi Lolemba, pa 3 Epulo, ndi mavoti khumi ndi awiri. Wowotcherera anachoka n'kulowa kwa Akhwangwala, ndipo azondi ake amabwerabe pachipata cha kum'mawa kawiri kapena katatu pasabata, kuima, n'kubwerera. Akakumana mumsewu sapatsana moni. Dzina la Ola Limodzi linamera mizu. Madalaivala ena anayambanso kuima pakhomo pake, koma akayang'ana wotchi ya pakhoma amayang'ananso foni.

Anamanga khola la akavalo, kutali ndi maluwa. Pamalo a mitengo sanabzalepo kanthu. M'mawa uliwonse akatsegula, asanakhudze wotchi ya munthu, amavala kagalasi, n'kuyang'ana pakona ya foni, n'kuyang'ana pakhoma, n'kulemba kusiyana kwake m'kabuku. Tsamba ndi tsamba pali mawu amodzimodzi: ola limodzi, ola limodzi, ola limodzi. Lamlungu satsegula, koma Lamlungu la pa 29 Okutobala 2023 anabwerabe, eyiti koloko, nakhala yekha m'kachipindamo. Anayang'ana pakona, nayang'ana pakhoma, nalemba: maola awiri. Ola lija linali litabwezedwa. Anakhala kanthawi akuyang'ana zigamba zakuda zija, kenaka anagogoda khoma katatu kuti mlamu wake amve.